Kodi Oonerera Ali ndi Ufulu Wodziwa Zonse za Wosewera?

Munthu akaona chinthu chomusangalatsa, mtima wake sukhazikika kufikira atadziwa mwini wake wa chinthucho. Tikamva nyimbo yokoma timafunsa woimba, ndipo tikaona dengu lolukidwa bwino timafunsa mmisiri wake. Khalidwe limeneli ndi lachibadwa. Koma kodi chidwi chotere chili ndi malire? Kuti tiyankhe bwino funsoli, tiyeni tibwerere ku America m'nthawi ya kanema wopanda mawu, nthawi imene idayamba kutha mu 1927 pamene kanema wolankhula wotchedwa The Jazz Singer adaonetsedwa.

M'masiku amenewo osewera ankalankhula ndi nkhope, maso ndi manja, ndipo mawu ochepa ankalembedwa pakati pa zithunzi. Poyamba makampani ambiri sankaulula maina a osewera awo, mwa zina poopa kuti wosewera akatchuka adzafuna malipiro ochuluka. Komabe oonerera adayamba kuzindikira nkhope zina, ndipo ankalemba makalata ofunsa maina. Mayi wina wa kampani ya Biograph ku New York adakondedwa kwambiri, koma popeza dzina lake lidabisidwa, anthu ankangomutcha kuti Mtsikana wa Biograph. Dzina lake lenileni lidali Florence Lawrence. Pamenepa tiyenera kuvomereza kuti oonerera sadalakwe. Kubisa dzina la mmisiri kuti asapindule ndi luso lake ndi kumubera. Chidwi cha oonerera chidathandiza kuti wogwira ntchito alandire ulemu womuyenera.

Koma amalonda sadachedwe kuona kuti chidwi chimenechi ndi munda wa ndalama. Mu 1910, Lawrence atasamukira ku kampani ya Carl Laemmle, kudamveka mphekesera yoti wafa pangozi ya pamsewu. Laemmle adalengeza m'nyuzipepa kuti limenelo lidali bodza, ndipo adamutumiza ku mzinda wa St. Louis komwe khamu la anthu lidamuunjirira. Olemba mbiri ambiri amati mphekeserayo adaiyambitsa ndi Laemmle yemweyo. Kuyambira pamenepo, moyo wa wosewera udasanduka katundu wogulitsa.

Chitsanzo china ndi Theda Bara, amene adatchuka mu 1915 posewera ngati mkazi woononga amuna. Kampani ya Fox idafalitsa nkhani yoti iye adabadwira ku Egypt ndipo adali munthu wodabwitsa. Zoona zake n'zakuti dzina lake lidali Theodosia Goodman, mwana wa telala wa mumzinda wa Cincinnati. Adakwatiwa mu 1921 ndipo adakhala pabanja lomwelo kufikira imfa yake mu 1955. Oonerera ankafuna kuti mkazi wa m'kanema ndi mkazi wa kunyumba akhale mmodzi, choncho adapatsidwa bodza limene makutu awo ankalakalaka. Amene ankati akufunafuna choonadi adathera kugula nthano.

Kulephera kusiyanitsa munthu ndi mbali imene akusewera si vuto la ku America kokha. Pamene ndinkaphunzitsa, ndidapatsa mnyamata wina wofatsa mbali ya wakuba m'sewero la pasukulu. Adasewera mwaluso kotero kuti anzake adamupatsa dzina la wakubayo. Patapita miyezi, cholembera cha wina chitasowa m'kalasi, maso onse adatembenukira kwa iye. Cholemberacho chidapezeka pansi pa desiki, koma mnyamatayo sadavomerenso kukwera pabwalo la zisudzo. Luso lake lomwe ndilo lidamupweteka.

Choopsa kwambiri n'chakuti chidwi chopanda malire chimasanduka bwalo la milandu. Roscoe Arbuckle adali mmodzi mwa osewera oseketsa olandira ndalama zambiri. Mu 1921 adazengedwa mlandu wokhudza imfa ya Virginia Rappe, amene adadwala paphwando ku San Francisco. Nyuzipepa zidamuweruza mlandu usadayambe, ndipo anthu ankazigula mwaunyinji. Mlanduwo udazengedwa katatu, ndipo mu 1922 bwalo lidamupeza wosalakwa. Ngakhale zidali choncho, makanema ake adaletsedwa ndipo mbiri yake sidabwererenso mwakale. Omwe ankamuombera m'manja dzulo ndiwo adamuponya miyala.

Ena anganene kuti wosankha ntchito yoonekera pagulu wavomera kale kuti anthu amudziwe, pakuti ndalama zake zimachokera m'matumba mwawo. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Wotchuka akaphwanya lamulo sayenera kubisala kumbuyo kwa kutchuka kwake. Koma wolipira pakhomo la nyumba ya kanema wagula sewero, sadagule munthu. Wogula mphika kumsika angathe kufunsa amene adaumba ndi kumene adaphunzira kuumbako, koma alibe ufulu wosuzumira m'chipinda cha woumbayo.

Tiyeneranso kudzifunsa ngati chidwi chotere chili chikondi chenicheni. Florence Lawrence, amene khamu lidamuunjirira mu 1910, adaiwalika ndipo ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono. Adamwalira mu 1938, ndipo manda ake adakhala opanda mwala wa dzina kufikira 1991. Amene adavutika kulemba makalata kufunsa dzina lake sadalikumbukire pamene iye ankasowa womulabadira. Iwo ankakonda chithunzi, osati mwini chithunzi.

Tsono yankho lathu ndi lotani? Kufunsa dzina la wosewera, kudziwa mbali zimene adasewera ndi kuyamikira luso lake ndi chinthu chabwino, pakuti ndi kupereka ulemu kwa mmisiri. Koma kumuweruza potengera mbali ya m'sewero, kapena kufufuza za m'nyumba mwake kuti tipeze chokambirana, ndi kumuchotsera umunthu. Lero, pamene foni ya m'manja imafalitsa mphekesera m'kanthawi kochepa, phunziro la kanema wopanda mawu likufunika koposa kale. Musanatumize kwa mnzanu nkhani ya woimba kapena wosewera wina, dzifunseni ngati mungakondwere itakhala yanu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.