Kodi Munthu Angalakwire Mtengo Umene Saudziwa Dzina?

Chichewa chilibe dzina la mtengo umene umamera m'matope, pamene mtsinje umakumana ndi nyanja yamchere. Aswahili amautcha mkoko, liwu limene Mchewa akalimva amaganiza za nthochi. Apwitikizi nkhalango yake amaitcha mangal, ndipo olemba nkhani m'Chichewa amangobwereka liwu la Chingerezi loti mangrove. Izi n'zosadabwitsa, pakuti chiyankhulo chimatchula zimene eni ake amadya, amasema kapena amaopa. Funso lovuta ndi lakuti: kodi munthu angakhale ndi mangawa kwa chinthu chimene chiyankhulo chake sichinachipatse dzina?

Mitengoyi yachuluka kumathiriro a Zambezi, kufupi ndi Chinde ndi Quelimane m'dziko la Mozambique. Mizu yake imakola matope obwera ndi mtsinje, motero nthaka imene yaimapo imakwera pang'onopang'ono. Nyanja ikamakwera mwachifatse, nkhalango imakwera nayo limodzi. Ikafulumira, mitengo imamira ili chiimire. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 2020 adasonyeza kuti mitengoyi imalephera mpikisanowu madzi akamakwera kupitirira mamilimita 6 kapena 7 pachaka. Chifukwa cha kutentha kwa dziko, madzi a m'nyanja akukwera pafupifupi mamilimita 4 pachaka, kuwirikiza kawiri liwiro la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhalango ikadatha kuthawira kumtunda, koma m'madera ambiri imapezako minda ya mpunga, maiwe ophikira mchere ndi nyumba za anthu.

Pamlandu wotere bwalo la kumudzi lingasowe pogwira. Mlandu umafuna wolakwa ndi wolakwiridwa akhale pansi maso ndi maso. Apa wooneka ndi maso ndi mphawi wa ku Quelimane amene wadula mtengo kuti aotche makala, ndipo ndiye amalozedwa chala. Amene utsi wa mafakitale awo watenthetsa dziko ali kutsidya la nyanja, sangaitanidwe. Pakati pa awiriwa pali a kumtunda, amene amadziyesa oonerera chabe.

Ena amayesa kukopa anthu a kumtundawa powauza kuti mitengoyi imawatchinjiriza. Mawuwa ngokoma, koma ngosakwanira. N'zoona kuti nkhalangoyi imafooketsa mafunde ndi kuteteza midzi ya m'mphepete mwa nyanja, komanso ndi mokulira nsomba ndi nkhanu zimene asodzi a gombe la Sofala amadalira. Koma namondwe Freddy atalowera pafupi ndi Quelimane mu Marichi 2023, palibe muzu umene ukadaletsa mvula imene idagumula mapiri ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Soche mumzinda wa Blantyre. Udindo womangidwa pa phindu lokha umagwa tsiku limene phindulo lakayikitsa.

Chimene chimamanga wa kumtunda ndi mtsinje. Madamu a Kariba, lomalizidwa mu 1959, ndi Cahora Bassa, lomalizidwa mu 1974, amatsekereza matope ndiponso adachepetsa kusefukira kwa madzi kwa chaka ndi chaka kumene kunkatsuka mchere kumathiriro. Magetsi ake amayaka ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg, m'nyumba za anthu amene mtengowu sadauonepo. Shire amalowa mu Zambezi kumunsi kwa madamu onse awiri, kotero kuti gawo lina la nthaka yokokoloka m'minda ya ku Malawi limakafika kunyanja. Chimene mlimi wa ku Chikwawa amachilira ngati tsoka chimakasanduka popondapo mizu ya mtengo wachilendo. Munthu angathe kupweteka kapena kudyetsa chimene sakuchidziwa, ndipo kusowa kwa dzina kumangobisa mangawawo, sikuwafafaniza.

Ndiponso si zoona kuti Chichewa sichidafikeko kunyanja. Kuyambira mu 1891 Angerezi adali ndi doko lawo ku Chinde, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 katundu ndi alendo opita ku Nyasaland ankadzera pakati pa mitengo imeneyi, pomwe nyanja inkadya gombe la dokolo chaka ndi chaka. Mawu monga nsapato, kalata ndi mbatata adabwerekedwa kwa Apwitikizi a m'chigwa chomwechi. Chiyankhulo chidalandira mayina a zonse zimene zidakwera mtsinje kudzagulitsidwa, koma mtengo umene udali pakhomo chidaudutsa osaufunsa dzina.