Fisi ndi Tayala Lokakamira

Padangokhala.

Tilitonse.

Panali Njovu amene anali ndi lole yakale ya Scania. Ankanyamula feteleza kuchokera kudoko la Beira, kudutsa ku Tete, n'kulowa m'Malawi pa chipata cha Mwanza. Mnyamata wake wa pa lole anali Fisi, wodziwa kumanga tenti ndi zingwe, koma wodziwa koposa malo onse okazingira nyama m'mbali mwa msewu.

Tsiku lina m'dzinja, atangofika pa Lizulu mumsewu wa M1, tayala lakutsogolo lakumanzere linaphwa. Fisi anathyola nthambi n'kuziyala mumsewu, anatchinga matayala akumbuyo ndi miyala, ndipo Njovu anamasula manati onse khumi, n'kukweza lole ndi jeke. Mpaka apa zonse zinayenda bwino. Koma atati akoke tayalalo, linangoti gwa, ngati linabadwira pomwepo.

Njovu anakoka ndi chitamba. Analiponda ndi phazi. Kenako anatenga hamala yaikulu n'kuyamba kumenya rimu, mpaka amayi ogulitsa kabichi ndi tomato anasiya malonda kudzaonerera. Rimu inayamba kupindika m'mphepete, lole inkagwedezeka pa jeke, koma tayala silinasunthe.

"Bwana, chitsulo chimamva moto basi," anatero Fisi. "Ndikabwereke gasi kwa owotcherera aja, tiliwambe."

"Mukaliwamba, muyambe mwatsanzika kwanu."

Amene analankhula anali a Fulu, makaniko wokalamba amene anali ndi kagalaja kofolera ndi malata akutha kuseri kwa msika. Ananyamuka hamala itangolira koyamba, koma poti ndi a Fulu, anafika nthawi imeneyo.

"Rimu ikatentha tayala lili pomwepo, mphira umapsa cham'kati, ngakhale tayalalo likhale lophwa," anapitiriza. "Umatulutsa mpweya woipa, ndipo limatha kuphulika inu mutazimitsa kale moto. Ndipo inu a Njovu, mwachotsa manati onse, mukumenya lole ili pa jeke yokha. Likadzamasuka tayalali ligwera ndani? Limalemera kuposa thumba la feteleza la makilogalamu 50."

Fisi anaseka chapansipansi. "Tsobola wakale sawawa," ananong'oneza, koma Njovu anali atatopa, thukuta lili kamukamu.

"Nanga titani, madala?"

A Fulu sanayankhe msanga. Anazungulira tayala, n'kusuzumira pakati, pamene bowo la rimu limakhala pa mlomo wa habu. "Munalichotsa liti komaliza?"

Njovu anakanda mutu. Sanakumbuke.

"Ndiye mlandu wake ndi umenewo. Rimu iyi imakhala mothina pa habu. Mphepo ya mchere ya ku Beira, matope a mvula, kutentha kwa mabuleki, zonsezi zabala dzimbiri pampata wochepawu. Dzimbiri limafufuma kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye lazimanga pamodzi. Mukumenya kunja pomwe chagwira chili m'kati."

Anatulutsa kabotolo ka mafuta olowerera m'dzimbiri, anadontheza kuzungulira mlomo wa habu, n'kukhala pansi. "Tidikire amwe."

Kudikira ndi kumene Fisi sankakutha. Mphepo inabweretsa fungo la kanyenya wa mbuzi kuchokera kumsika, ndipo miyendo yake inayamba yokha ulendo. Mawu omaliza amene anamva anali akuti, "Tibwezere manati osamanga, titsitse jeke, lole iyende." Anadziuza kuti nzeru yonse waitola.

Zimene zinatsala anazimva Njovu yekha. Manati anabwezedwa onse khumi, kuwapotokola ndi dzanja mpaka kukhudza rimu, kenako kuwabweza kamodzi kokha, kuti pakhale kampata kakang'ono koti tayala ligwedere koma lisachoke. Anatsitsa jeke. Njovu analiza injini, a Fulu ali pambali poonekera pagalasi.

"Pang'onopang'ono, ngati mukuyenda ndi ine. Masitepe atatu kutsogolo, pondani buleki. Bwererani. Khotetsani chiwongolero, pondaninso."

Kachitatu panamveka kuti thwa! Fumbi lofiira linagwa pansi. A Fulu anakweza dzanja, Njovu n'kuzimitsa injini pomwepo. Kulemera kwa lole ndi katundu wake kunachita zimene hamala inalephera.

Anakwezanso jeke, ulendo uno ataika zigogo pansi pa ekiselo. Tayala linatuluka lopanda mkangano. A Fulu anapala habu ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chinawala, anapaka girisi wochepa pa mlomo pokha, osati pankhope pamene rimu imagona. Sipeya atalowa, anamanga manati modumphadumpha, ili kenako loyang'anizana nalo, ndipo anauza Njovu kuti akafika ku Dedza aime awayesenso ndi sipanala, chifukwa manati a tayala longoikidwa kumene amakonda kukhwefuka.

Fisi anabwera milomo ili noninoni, lole itakonzeka. Kuchokera pachiwaya paja anali ataona lole ikuyenda n'kuima, ndipo zinam'kwanira.

Mwezi usanathe anasiya ntchito kwa Njovu. Anakhoma chikwangwani pamtunda wina kufupi ndi Linthipe: KATSWIRI WA MATAYALA OKAKAMIRA. Makasitomala ake oyamba anali a Nguluwe, amene anabwera ndi lole yodzaza ndi matumba a kachewere, tayala lakutsogolo litawakanika.

"Zazing'ono izi, bwana," anatero Fisi. Anaganiza kuti ngati kumasula pang'ono kumathandiza, kumasula kwambiri kuthandiza msanga. Anachotsa manati asanu ndi atatu n'kuwaponya m'thumba, awiri n'kuwasiya akulendewera kunsonga kwa mabawuti. "Tsopano tsetserekani, muipatse moto. Ine ndithamanga pambali kuti ndione."

A Nguluwe anakayika. "Achimwene, sitiyenda pang'ono kaye?"

"Ntchito iyi ndinaiphunzira kwa a Fulu enieniwo. Pondani!"

Lole inatsetsereka. Dzimbiri linathyoka ndithu, pamenepo Fisi sananame. Koma mabawuti awiri aja anathyokera limodzi. Tayala linachoka, linapitirira lole, linadumpha ngalande n'kukalowa kudambo. Lole inagwada ndi mphuno, inakhula dilamu ya mabuleki pa phula, n'kupendekera kumanzere kumene kunali Fisi. Zingwe zinaduka, ndipo matumba a kachewere anam'tsikira m'chiuno limodzi ndi limodzi.

Anthu a m'mudzi anam'fukula madzulo, atayamba atola kachewere. Anatuluka wamoyo, koma chiuno chitatsika, ndipo sichinakwerenso. N'chifukwa chake mpaka lero fisi amayenda kumbuyo kuli kotsika, ndipo amatuluka usiku wokha, poti a Nguluwe akumufunabe pa nkhani ya mabawuti, dilamu ndi matumba aja.