Kodi Kugula Motchipa kwa Wosauka ndi Tchimo?

Mukamakonzekera phunziro ili yambani mwaŵerenga Levitiko 19:35-36 ndi Miyambo 11:1, pamene Mulungu atsutsa miyeso yonyenga.

Nthaŵi yokolola ikafika, amai ambiri amasenza mtedza, soya ndi nyemba kupita nazo ku misika ya Mitundu ndi Nathenje. Mai wotere walima, wakumba, waumitsa ndi kuswa yekha. Koma pa sikelo wogula ndiye atchula mtengo. Mai avomera chifukwa mwana wadwala, kapena ndalama ya sukulu ikufunika lero lomwe. Wogulayo anena kuti, "Sindinabe, wavomera yekha." Kodi mau ameneŵa amchotsera mlandu?

Phindu si tchimo. Wamalonda alipira galimoto ndi matumba, nayenso ali ndi ana. Koma kuvomera kwa munthu wopanikizika sikufanana ndi kuvomera kwa munthu amene angathe kukana. Amene atsitsa mtengo chifukwa waona kuti mai sadziŵa kuŵerenga sikelo, phindu lake lachokera m'kusadziŵa kwa mnzake. Choncho mtengo wolungama si mphatso ai, koma ndi ngongole imene wogula ayenera kubweza kwa mwini thukuta.

Alipo amene ayesa njira ina. M'chaka cha 2004 alimi a mtedza a ku Mchinji, a m'bungwe la MASFA pansi pa NASFAM, analandira chiphaso cha Fairtrade. M'malonda otere muli mtengo umene wogula sangatsike kupyola pamenepo, ndiponso ndalama ina yapadera imene alimi eni ake agwirizana ntchito yake. M'chaka cha 2007 inakhazikitsidwa ku Britain kampani ya Liberation, imene magulu a alimi anakhala ndi gawo mwa eni ake. Komabe njira iyi yafikira alimi oŵerengeka okha.

Nchifukwa chake maphunziro ali ofunika. Mai wodziŵa kuŵerenga makilogalamu, woumitsa bwino mtedza, wosaunyowetsa pouswa kuti usagwire chuku, ndiponso wogulitsa pamodzi ndi anzake m'gulu, angathe kukana mtengo woipa. Zachifundo zithandiza tsiku limodzi, koma luso likhala naye. Pa Rute 2, Boazi sanangopatsa Rute chakudya. Anamlola kugwira ntchito mwaulemu, naletsa anyamata ake kumvuta.

Mlanduwu ufikanso m'nyumba mwathu. Bambo amene alanda ndalama ya mtedza wa mkazi wake napita nayo kumoŵa sasiyana ndi mwini sikelo yonyenga.

Pophunzitsa, funsani ana kuti: Ndani amaswa mtedza kwanu? Nanga ndani amasunga ndalama yake? Musanyoze kholo la mwana aliyense, pakuti ena mwa anawo ndi ana a ogula mbeu. Athandizeni onse kuona kuti Mulungu amene timpembedza Lamulungu amaonanso sikelo tsiku la msika.