Lamulo Likachoka, Udindo Umachokanso?

Amayi anzathu, pa 19 July 2021 boma linachotsa lamulo lokakamiza anthu a ku England kuvala masiki m'sitolo, lomwe linayamba mu July 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Komabe sitolo zikuluzikulu monga Sainsbury's ndi Tesco zinapitiriza kupempha ogula kuti azivalabe. Kunali kupempha chabe, popanda chindapusa. Ena zinawanyansa: ngati boma latimasula, mwini sitolo ndani kuti azitiuza zochita?

Funsoli n'lomveka, koma tiyeni tiganizire mayi wolandira ndalama m'sitolomo. Ife timalowa, kugula shuga ndi sopo, n'kutuluka. Iyeyo amaswera pomwepo akupumirana ndi aliyense wodutsa, ndipo sangathawe popeza ana ake amadyera ntchito yomweyo. Masiki ansalu amateteza kwambiri amene tayandikana naye kuposa wovalayo. Choncho tikawavula ponena kuti ndi ufulu wathu, amene tamuika pachiswe ndi wina amene sitinamufunse n'komwe. Lamulo linachoka tsiku limodzi, koma kachilombo kanali kakufalabe.

Mwina eni sitolo ankaopanso kuti agogo ndi odwaladwala asiya kubwera kudzagula; malonda ndi malonda. Koma anachita bwino kupempha m'malo molamula, chifukwa alipo amene amabanika akatseka pakamwa ndi mphuno, ndiponso osamva amene amadalira kuona milomo ya wolankhula. Wopanda masiki sitikanamuloza chala. Ife opuma bwinobwino, tikanakhala kumeneko, tikanavala mpaka titalandira chenji kwa mayi uja n'kutuluka panja.