Pomwera pabwino m'pamene amakudziwa

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti wayamba ntchito ku Lilongwe ndipo wapeza nyumba ku Kawale. Andiuzanso, mawu ali pansipansi, kuti Lachisanu ukumafika pakhomo usiku kwambiri. Iwo akufuna ndikuletse mowa. Ine sindikuletsa, chifukwa zaka 18 zimene lamulo limanena unazidutsa kale, ndipo munthu wandevu ukamuletsa chinthu amangophunzira kubisa. Ukanakhala kuti sunayambe ndikanati khala momwemo, palibe chimene ukutaya. Koma poti wayamba, tiye tikambe za kumene ukumwerako. Anthu ambiri amene ndawaona akuwonongeka, chinawayamba ndi malo komanso anzawo a pamalopo, mowawo unangobwera kudzamaliza.

Kumudzi kwathu mowa unali ndi mwini wake. Amayi ankanyika chimanga kapena mawere, n'kumeretsa chimera, kuchiyanika, kuchisinja, kuphika phala, n'kudikira masiku kuti mowa upse. Pofika tsiku lomwa, mudzi wonse unkadziwa kuti kwa auje kuli mowa, ndipo unkadziwanso chifukwa chake: mwina ndi dima, anthu alime kaye kenako amwe, mwina ndi ukwati, mwina akukumbukira malemu. Wofululayo ankayamba walawa yekha anthu akuona, kuti aliyense amwe mtima uli m'malo. Chipanda chinkayambira kwa akulu. Mnyamata ankamwa atsibweni ake ali pomwepo, apongozi ali chapatali pang'ono, moti mawu ankatuluka atayezedwa. Ndipo mbiya ikauma, zatha, anthu ankasasa fumbi n'kumapita kwawo. Sindikunena kuti zidakwa kunalibe. Zinalipo, ndewu zinkabuka, kachasu anagoneka anthu m'ngalande kuyambira kalekale. Koma woledzera ankaledzera pakati pa anthu omudziwa, ndipo wina ankamugwira mkono mpaka pakhomo pake.

Mowa wa m'tauni sutha. Kuyambira mu 1968, pamene Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, botolo lakhala lilipo tsiku lililonse, dzinja ndi chilimwe. Kampaniyo inapita m'manja mwa Castel ya ku France mu 2016, koma Green ndi Kuche Kuche akutulukabe. Firiji ikatha atsegula kireti ina, makireti akatha lole ibwera. Kale thumba linkakuthandizako, likauma umanyamuka. Lero ndalama zili pa foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, ndipo lendi ya nyumba ikhoza kupita ndi chala chimodzi iwe uli chikhalire. Ndiye chokuimitsa n'chiyani? Mtima wako, inde, koma mtima wa munthu amene wamwa mabotolo anayi si woudalira. Chotsala ndi anthu a pamalopo. N'chifukwa chake ndikuti usankhe malo amene anasungako kanthu ka mwambo wa pambiya uja.

Uyambe wayang'ana mwini wake. Bala yabwino mwini wake amapezeka, kapena ali ndi munthu wokhazikika pakauntala amene wakhalapo zaka. Amakupatsa moni ndi dzina, amadziwa chimene umamwa, amadziwanso kuti ukafika botolo lakuti mawu ako amayamba kukwera. Chizindikiro chachikulu cha munthu wotere n'chakuti amatha kukana ndalama yako. Tsiku lina adzakuuza kuti, “Achimwene, lero zakwana, mawa kuli ntchito.” Udzapsa mtima, ndikudziwa. Usadzasamuke chifukwa cha mawu amenewo, pakuti wogulitsa amene wasiya phindu la botolo limodzi kuti iwe ukafike bwino wakuwerengera ngati munthu. Amene amakutsegulira lina iwe ukulephera kuima, n'kumakutcha bwana, ameneyo akuona thumba lako basi.

Uonenso m'mene amachitira ndi ana. Mwana wa yunifomu akatumidwa kudzagula mowa, amamubweza kapena amamupatsa? Kamtsikana ka zaka 15 kakalowa usiku, amakathamangitsa kapena amakayang'ana ngati nyambo yokopera makasitomala? Pamalo pamene izi zimaloledwa usakhalepo ngakhale mowa utatchipa chotani, chifukwa ndalama yako ndi imene ikuyendetsa zimenezo. Chimodzimodzi ndi atsikana ogwira ntchito pamenepo. Iwo ali pantchito monga iwe umakhalira ku ofesi kwako. Ngati amuna amawagwiragwira mwini wake n'kumangoseka, dziwa kuti tsiku limene iwe udzavutitsidwe adzasekanso.

Za ngongole ndinene mwachidule. Kabuku ka kuseri kwa kauntala kadya malipiro a anthu ambiri mwezi usanathe. Bala imene imakukakamiza kuti “ingomwani, mudzapereka pa 30” ikukumanga chingwe. Dzina lako lisalowemo.

Tsopano za phokoso, pakuti apa m'pamene ine ndi anyamata a masiku ano timasiyana. Nyimbo ndimazikonda, tinavina ife nthawi ya gumbagumba mpaka fumbi kobo. Koma malo amene zimasipika zake zimakulepheretsa kumva mnzako amene mwagundana mapewa, kumeneko pakamwa pamatsala ntchito imodzi yokha, kumeza. Kumene anthu akucheza botolo limakhalitsa. Wina akusimba za mtengo wa feteleza, wina akutsutsa, awiri ali pa bawo pansi pa mtengo, ena akudikira mpata pa tebulo la pulu, ndipo ola limatha botolo lili pakati. Tsiku la Maule ndi Manoma anthu amakuwa, amanyozana mpaka misozi ya chiseko, koma mpira ukatha wa Bullets ndi wa Wanderers amagawana mbale imodzi ya kanyenya. Ukaona malo amene kukangana kwa mpira kapena kwa ndale kumathera m'mabotolo osweka, usafunse zambiri, pamenepo palibe wamkulu.

Ndipo akulu azipezekapo. Bala ya anyamata okhaokha imakhala ndi mpikisano wosaoneka, aliyense kufuna kuonetsa kuti iye ndiye dolo. Bala ya m'dera yeniyeni imasakaniza anthu: mphunzitsi wopuma ntchito, makaniko, kalaliki wa ku Capital Hill, telala, woyendetsa minibasi, mayi wa geni amene wadutsa kudzamwa kamodzi akuchokera kumsika. Pakati pa anthu otere umamva kumene kukufunika munthu wantchito, amene akugulitsa puloti yopanda milandu, makaniko amene saba zitsulo. Umaphunziranso kusunga pakamwa. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Zimene wanena za abwana ako Lachisanu usiku zimatha kukafika ku ofesi iwe usanafike Lolemba. Zachinsinsi za kuntchito ndi za m'nyumba mwako zizitsala kumene zili.

Pali chinthu china chimene anthu sachiyang'ana posankha pomwera, koma ine ndimachiika patsogolo: m'mene balayo imakhalira ndi anansi ake. Kuseri kwa mpanda kuli mwana amene akuwerengera mayeso a Fomu 4, kuli wodwala, kuli mayi amene adzuke 4 koloko kukapikula tomato. Mwini bala waulemu amatsitsa nyimbo usiku ukakula ndipo amatseka pa nthawi imene chiphaso chake cha ku khonsolo chimanena. M'dera mukagwa maliro amazimitsa nyimbo osadikira kuti amfumu atume munthu, mbale ya chipepeso imazungulira pakauntala, ndipo mawa lake omwa aja umawapeza kumasiwa, ena atanyamula makasu kupita kumanda. Ndaonapo bala zimene makasitomala ake anayambitsa timu ya mpira wa masosholo, ena kagulu kosonkherana pa mavuto. Malo otere ndi mbali ya mudzi. Koma bala imene imaliza nyimbo anthu akulira nyumba yachitatu, makasitomala ake akukodzera mipanda ya eni, anthu a m'deralo amaitemberera chamumtima, ndipo temberero limenelo limagwera aliyense wolowamo.

Usanaitanitse kanthu pamalo pachilendo, pita kaye kuchimbudzi. Ukapeza pali madzi ndi sopo, pansi posesa, chitseko chotsekeka, ndiye kuti matambula akenso amatsukidwa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inkayenda m'madzi ndi m'manja osasamba. Woyang'anira chiwaya umuone zala zake ndi madzi amene akutsukira mbale. Chakudya chokha chizikhalapo, kaya ndi mang'ina, kaya nthumbwana, kaya tchipisi, chifukwa mowa wogwera m'mimba yopanda kanthu umathamangira kumutu. Botolo azikutsegulira uli kuona, ndipo ukalisiya n'kutuluka panja pakati pa anthu osawadziwa, pobwera usalipitirize. Alipo amene anadzuka m'mawa alibe foni, alibe nsapato, osakumbuka kanthu.

Usanyoze thaveni ya Chibuku poti tsopano wavala tayi. Mowa wa masese uli ndi chimanga, umakhutitsa, umamwedwa pang'onopang'ono, ndipo anthu a kumeneko nthawi zambiri amadziwana mpaka mayina a ana. Ungodziwa kuti umapitiriza kuwira uli m'paketi momwemo, choncho wa lero ndi wogonera mphamvu zake n'zosiyana. Chimene ndimaopa ine ndi timowa taukali totchipa tija. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ataona ana asukulu ndi anyamata a m'madepoti akuthera pomwepo, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki. Ukali wake umaposa wa botolo la Green kangapo, ndipo umamwedwa chiimirire kuseri kwa okala, 7 koloko m'mawa, popanda moni kapena nkhani. Wina umachita kusakanizidwa m'zigubu ndi anthu osadziwika, ndipo mukalowa mankhwala a methanol munthu amachita khungu kapena kufa kumene. Anthu mpaka anaupatsa dzina loti “ambuye n'tengeni,” ndipo awatengadi ambiri. Mphwanga, chinthu chopanda chizindikiro, chothiridwa kuchokera m'chigubu chimene sukudziwa gwero lake, chisadutse pakhosi pako ngakhale akupatse chaulere.

Ku Bwandilo ku Area 47, ku Chigwirizano, kapena pa Kamba ukapita ku Blantyre, udzapitako ndithu, ndipo kuli chisangalalo chake: magetsi, nyama yootcha, magalimoto ndi anthu a mitundu yonse. Kumeneko n'kokacheza mwa apo ndi apo, muli gulu, mutapangana wobwerera nanu. Pamalo pa anthu mazanamazana palibe amene angazindikire kuti mwana wa auje wapitirira muyeso. Pako penipeni pakhale pafupi ndi nyumba, poti ukhoza kuyenda wapansi, njira yake yowala, alonda a m'njiramo akukudziwa.

Ukakhala pagulu pali msampha wa raundi. Anthu asanu ndi mmodzi aliyense akaponya yake, wamwa mabotolo asanu ndi limodzi usanafunse thupi lako ngati likufuna. Ndipo pakutha pa mwezi abwenzi amachuluka modabwitsa, onse okutcha “biggie,” pofika pa 15 osaonekanso. Kugulira mnzako n'kwabwino, ndi umunthu, koma uzichoka kunyumba utadziwa kale kuti lero ndimwa angati ndipo ndiwononga zingati, ndalama yotsalayo isakhale pa foni imene uli nayo m'thumba. Malo abwino ndi amene munthu akati “ine ndipatseni Fanta” palibe womuseka. Ngati anzako sangathe kucheza nawe uli ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, chimene amakonda mwa iwe si iweyo. Makina obetchera amene adzaza m'mabala masiku ano uwatalikire, chifukwa mowa ndi juga zikakumana munthu amagulitsa mpaka matiresi.

Udziyang'anirenso wekha. Ukaona kuti wayamba kufika pabala anthu ena asanafike, kapena ukufuna kamodzi m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, kapena ukumwa chifukwa kunyumba kapena kuntchito kwakuwawa, pamenepo nkhani ya malo yatha, yatsala ya iweyo. Usachite manyazi kundiimbira, kapena kupita kuchipatala kukalankhula ndi adokotala. Matenda amenewo amachizika msanga munthu akawaulula msanga. Ukadzakwatira, mkazi wako azidziwa kumene uli, ndipo ndiwo za ana zizigulidwa botolo lisanatsegulidwe.

Ndamva kuti ukusunga ndalama zogulira galimoto. Ukadzagula, tsiku lomwa izigona pakhomo. Wa kabaza amene ukwere usiku akhale womudziwa, amene iyenso sanalawe, ndipo chipewa chotetezera mutu uzivala. Mnzako akaledzera usamusiye pampando kuti adziwa yekha. Umutengere kwawo, ukamugoneke chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo wina akhale naye.

Mwezi wa mawa ndikubwera ku Lilongwe kudzaonana ndi adokotala a maso ku Kamuzu Central. Ndidzagona kwa iwe. Loweruka madzulo udzanditengere kumene umamwerako, ndikapereke moni kwa mwini wake, ndikaonenso anthu amene umakhala nawo. Bawo ngati lilipo uwauziretu kuti atsibweni ako akubwera.