Chingwe cha ngamila nachonso chimawola



Ambirife nkhani ya munthu wa ngamila uja timaidziwa. Anafunsa Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) ngati aimange ngamila yake kapena angoisiya n'kuyedzamira kwa Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, ayambe waimanga kenako ayedzamire. Hadithi imeneyi anailandira Imam Tirmidhi kuchokera kwa Anas bin Malik (radhiya Allahu anhu). Koma pali chinthu chimodzi chomwe sitichiganizira. Chingwe chimawola. Munthu amene anamanga ngamila chaka chatha, osabwereranso kukaona ngati chingwe chija chikadali cholimba, anganene kuti anamanga?

Tiyeni tibwere kuno kwathu ku Mgona. Achinyamata ambiri a pano rizq yathu ili m'mashopu, m'magolosale, m'nyumba zosungira mtedza ndi soya, ena m'makampani a ku Kanengo. Mukalowa m'malo ambiri otere mupeza botolo lofiira lija, chozimitsira moto, lili pakhoma. Pakona kamera ya CCTV. Maso amakhutira, mtima n'kukhala m'malo. Funsani tsiku limene botololo linaonedwa komaliza ndi wodziwa ntchito yake, mumva anthu akuyang'anizana.

Botolo lija silikhala lamoyo mpaka kalekale ayi. La ufa lili ndi kawotchi kakang'ono pamwamba, ndipo kamuvi kake kayenera kuloza pobiriwira. Kakatsika, mpweya wokankha ufa wathawa, mudzafinya chogwirira chija koma sipadzatuluka kanthu. Ufa womwewo ukakhalitsa umagwirana pansi ngati simenti yomwe yamva chinyontho. Kapaipi kamang'aluka, nthawi zina tizilombo timamangamo. La mpweya wa CO2 lilibe n'kawotchi komwe, limadziwika poliyeza kulemera. N'chifukwa chake pabotolopo pamakhala kapepala kolembapo tsiku limene analikonza, ndipo kamodzi pachaka liyenera kuonedwa ndi amisiri ake. Za makamera ndiye musanene. Ndi kuthimathima kwa magetsiku mabatire a alamu amafa msanga, kabokosi kosunga zithunzi kamasiya kujambula, eni ake n'kudzadziwa m'mawa umene mbava zathyola kale chitseko.

Wina anena kuti, "Sheikh, zonse ndi qadar, chikalembedwa chalembedwa." Zoona, palibe chochitika popanda chifuniro cha Allah. Koma mawu amenewa tisamawatenge ngati bulangete lofunditsira ulesi. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Abu Musa Al-Ash'ari kuti usiku wina nyumba inapsa ku Madina eni ake ali momwemo. Mtumiki atamva, sanangopepesa n'kukhala chete. Anachenjeza maswahaba kuti moto ndi mdani wawo, choncho aziuzimitsa akamagona. Taonani, sanawalamule kuti auzimitse usiku umodzi wokhawo chifukwa cha mantha a maliro. Chinali chizolowezi cha usiku uliwonse. Ndipo mayi wathu Aisha (radhiya Allahu anha) anatifotokozera kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, ngakhale ichepe. Ife timafuna ntchito ya tsiku limodzi yooneka ndi anthu: kugula, kupachika, kujambula chithunzi, basi.

Moto susankha kuti apa ndi pa okala apa ndi pa boma. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Nanga kwathu kuno, komwe shopu ndi shopu zinagundana makoma, matumba aunjikidwa mpaka kudenga, mawaya olumikizalumikiza akudutsa pamwamba pake? Njira zathu zina n'zopanikizika moti galimoto ya ozimitsa moto ya khonsolo singafike pakhomo msanga. Mphindi zoyambirirazo amene ali pafupi ndi inu ndi botolo lija.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya amana. Katundu wa m'shopu mwina ndi wanu, koma mlonda wogona mkatimo si wanu, ndi bambo wa ana ena. Mayi wa shopu yoyandikana nanu anatenga ngongole kuti ayambe geni yake. Moto wochoka kwa inu sudzaima pa malire a lendi. Bwana amene amakana kulipira okonza chozimitsira moto, koma ndalama yosintha foni ali nayo, akusewera ndi miyoyo imene Allah adzamufunsa. Nawenso wantchito amene ukuona kamuvi katatsika n'kungoti "si za ine," waona choipa n'kuchisiya.

Ndiye mawa mukatsegula, musanayambe kuwerenga ndalama, pitani pa botolo lija. Onani kamuvi, onani ngati kapini kalipo, werengani tsiku la pakapepala. Chotsani makatoni amene alitchinga. Dziwaninso kuti moto wa magetsi kapena wa mafuta sathira madzi. Bwezani zithunzi za dzulo pa kamera muone ngati zilipodi. Mukapeza vuto auzeni abwana mwaulemu, ndipo akazengereza akumbutseninso sabata yamawa. Amene muli m'makomiti, mukaonenso kumzikiti ndi kumadrasa, komwe ana athu amakhala ambiri m'chipinda cha khomo limodzi.

Allah atiteteze ife, mabanja athu ndi anansi athu ku moto wa pano pa dziko ndi wa tsiku lomaliza. Ameen.