Tikuseka Yani?

Anthu a msinkhu wanga tikakumana paukwati kapena pasiwa kuno ku Domasi, macheza sachedwa kufika pa dandaulo limodzi: akuti nthabwala za masiku ano sizikoma ngati zakale. Wina amakumbutsa za Kapalepale ndi Pamajiga, masewero amene ankasonkhanitsa banja lonse pa wailesi imodzi ya MBC. Wina amatchula Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu, nadandaula kuti John Nyanga adatisiya mu 2016, Eric Mabedi namutsatira mu 2021. Winanso amakumbuka chaka cha 1999, pamene Television Malawi idayamba kuulutsa, anthu nkumachezera usiku pakhomo la eni ake chifukwa cha kanema.

Dandauloli ndimalimva, koma sindikhulupirira kuti luso ndilo lidatha. Oseketsa aluso alipo. Mu 2017 Daliso Chaponda adakhala wachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent, ataseketsa anthu a mtundu wina m'chiyankhulo chawo chomwe. Chimene chidasintha kwambiri ndi anthu amene timakhala nawo pamene tikuseka.

M'zaka zoyambirira za TVM, makanema m'chigwa chino adali owerengeka, makamaka m'nyumba zamagetsi za aphunzitsi ndi antchito a boma. Pabalaza pamodzi pankadzaza ana pansi, amayi pamkeka, abambo pamipando, ndipo ena ankasuzumira pawindo. Pagulu lotere pankapezeka aliyense: wachibwibwi, wolumala mwendo, mayi wopanda mwana, Myao, Mlomwe ndi Mtumbuka wobwera kudzagwira ntchito. Nthabwala ikagwera pa mmodzi wa iwowa mopweteka, phwete linkazima lokha, chifukwa wosekedwayo adali pomwepo ndipo nkhope yake inkaoneka. Lero munthu amaonera kanema wa mphindi imodzi pafoni ali yekha m'bulangete, naseka, nautumiza kwa anzake makumi awiri. Wosekedwayo palibe amene akumuona.

Makolo athu adaidziwa bwino nkhani imeneyi. Iwo sadaletse chipongwe chonse, koma adachiikira malo ake. Asuweni amanyozana mpaka mlendo kudabwa, koma palibe wopita kubwalo, pakuti wonyozedwayo ali ndi ufulu wobwezera mawa. Adzukulu pamaliro amatha kuseketsa anamfedwa misozi ili m'masaya, ndipo palibe wowadzudzula popeza ndi iwo omwe akumba manda ndi kusenza bokosi. Amaseka ali mkati mwa chisonicho pamodzi ndi eni ake. Pamiyambo iwiriyi lamulo ndi limodzi: woseka ndi wosekedwa ndi anthu a bwalo limodzi, ndipo akamaliza adyera mbale imodzi.

Tsono muyeso wanga woyamba wa nthabwala ndi uwu: kodi munthu amene akusekedwayo, atakhala nafe pano, angaseke nawo? Izeki ndi Jakobo adakhalitsa m'mitima ya anthu chifukwa pa iwo tinkadziona tokha. Umbombo, kuchenjera kopusa, ngongole zosabweza ndi mabodza a m'banja zidali zathu zomwe. Tinkadziwa kuti ndife anyani osekana zikundu, ndipo kuzindikira kumeneko nkomwe kunkatiwawitsa nthiti.

Pali ena amene anganditsutse kuti woseketsa si m'busa, ntchito yake ndi kuseketsa basi, ndipo tikayamba kumuikira malire tibwerera ku nthawi ya mantha. Mawu amenewa ali ndi nzeru. Kale lija tikulilirali lidali ndi mdima wake. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 linkafuna kuti masewero aziyamba avomerezedwa asanaonetsedwe. Ndende ya Mikuyu, m'boma lathu lomwe lino la Zomba, idasunga mlakatuli Jack Mapanje kuchokera mu 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ulemu wina umene timautama wa masiku amenewo udali mantha chabe. Munthu ankayang'ana uku ndi uku asanaseke.

Apa ndiye muyeso woyamba uja ukuperewera. Nduna yakuba, mfumu yogulitsa munda umodzi kwa anthu awiri, kapena bwana wofuna chiphuphu sangaseke nawo nthabwala yonena za iye. Kodi ndiye kuti tisamuseke? Ayi ndithu. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo, ndipo nthawi zambiri woseketsa ndiye wamisala amene amanena poyera zimene enafe timanong'ona. Choncho pakufunika muyeso wachiwiri: kodi tikuseka zimene munthu wachita, kapena mmene adabadwira? Wakuba atha kusiya kuba, ndipo manyazi a kusekedwa angamuthandize kutero. Wachibwibwi sadasankhe lilime lake. Kumuseka sikukonza kanthu, kumangomuphunzitsa kukhala chete pagulu.

Sewero la Tikuferanji lidatsata njira yoseka zochita. Michael Usi, amene dziko lidamudziwa ngati Manganya, ankatiseketsa ndi makhalidwe amene ankatitengera kumanda m'zaka zimene Edzi idavuta kwambiri, ndipo mabanja ankakambirana pambuyo pake nkhani zomwe kale zidali zosatchulika. Mu 2024 munthu yemweyo adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo pampandopo naye adayenera kulandira nthabwala monga mtsogoleri wina aliyense.

Kuseka mmene munthu adabadwira kuli ndi zipatso zina. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino lidachita manyazi ndi kubedwa komanso kuphedwa kwa anthu achialubino. Ndani mwa ife sadamvepo anyamata pamsika akukuwira munthu wotere kuti "ndalama", ena nkumaseka? Sindikunena kuti aliyense woseka ndi chigawenga. Komabe munthu akasanduka choseketsa tsiku ndi tsiku, umunthu wake umachepa m'maso mwa anzake, ndipo wobwera ndi chikwanje amapeza njira italambulidwa kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga mphoto? Kuyambira pa Entertainers of the Year ya MBC mpaka pa mipikisano ya lero imene anthu amavota pafoni, mphoto imayankha funso limodzi: ndi angati adakondwera? Funso limeneli ndi loyenera, pakuti woseketsa naye ali ndi ana ofuna fizi, ndipo azisudzo athu ambiri akhala akutisangalatsa m'thumba muli mbee. Koma chiwerengero cha mavoti sichinena kuti adasekedwa ndani. Kanema wonyoza mayi wonenepa kapena katchulidwe ka mtundu wina atha kuonedwa ndi anthu ochuluka kuposa sewero lolembedwa mwaluso. Wachinyamata amene akuyamba kumene amaona chimene chikupindula, natsata chomwecho. Motero mphoto imaphunzitsa, ngakhale oipereka asakufuna kuphunzitsa aliyense.

Sindikupempha boma kuti libweretse lumo lodulira nthabwala, chifukwa lumo lotere limayamba ndi kuteteza akuluakulu, wosauka nkumusiya pamtetete. Udindowu uli ndi ife oseka, popeza ndife ovota, ogula matikiti ndi otumiza makanema. Pabalaza paja sitingabwererepo, ndipo ana athu sadzadikiranso usiku kuti aonere sewero pawindo la mphunzitsi. Chimene tingatengeko ndi chizolowezi chokumbukira nkhope ya wosekedwa. Musanatumize kanema wakusekeni, taganizani kuti munthu wa mkanemayo wakhala pambali panu, kenaka dzifunseni ngati chimene chakusekeni ndi chimene iye adachita kapena chimene adabadwa nacho.